Mabotolo Atatu a Inki ndi Dzina la Mwana Wanga

Kwathu kuli buku. Ndi chibuku cha chikuto cholimba chimene agogo aamuna anabwera nacho kuchokera ku migodi ya ku Joni, pamodzi ndi chipewa, wotchi yosayenda ndi chifuwa. M'bukumo mumalembedwa mayina a ana onse obadwa pamtundu pathu. Wolemba amakhala mmodzi yekha, wamkulu wa banja, ndipo amalemba ndi peni ya inki, ija ya kansonga kachitsulo yomwa m'botolo. Inkiyo iyenera kukhala yakuda. Bolopeni sinakhudzepo bukulo chiyambire. Pa nthawi imene ndikunenayi wolemba anali bambo anga, amene timawaitana kuti Ada monga tichitira ife Atonga, ndipo anali atapuma pa ntchito ya ukalaliki kuno ku Nkhata Bay.

Lamulo lina la bukuli ndi loti ana a mwana wamkazi salembedwamo. Iwo ndi a kwa bambo awo, akalembedwe komweko ngati kuli buku. Ine lamuloli silinkandiwawa mpaka chaka chimene ndinabwerera kunyumba ku Chikale kuchokera ku Mzuzu ndi kamtsikana ka miyezi iwiri kumsana, bambo wake atakwera basi ya ku Joni n'kuzimitsa foni. Sanalowole, sanatumize ngakhale munthu wodzapepesa. Choncho mwana wanga analibe buku kulikonse. Ana a achimwene anga onse analembedwa sabata isanathe, wina mchombo usanagwe n'komwe. Ndiye tsiku lina nditawapatsa tiyi, ndinagwada n'kuwafunsa Ada ngati mwanayu angalembedwe muno, poti kwina alibe. Anayang'ana mwana, anayang'ana ine, anayang'ana denga kwa nthawi ndithu. Kenaka anati inki yatha.

Sananame ayi. Anatsegula bokosi lachitsulo limene bukulo limagonamo n'kundionetsa botolo, pansi pake patangotsala matope ouma. Ndinati nanga si inki imagulidwa. Ada anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati inki za masiku ano ndi zakuda dzina lokha, ndipo iwo sangathire madzi amakala m'buku limene atate awo analembamo ndi inki yeniyeni. Pafunika kufufuza kaye. Kufufuza kumeneko, abale anga, kunatidyera miyezi isanu.

Botolo loyamba analituma kwa dalaivala wa minibasi, Mtumbuka wina wa kutchalitchi kwathu amene amayenda msewu wa ku Mzuzu tsiku ndi tsiku. Ulendo woyamba mkuluyo anabweretsa inki ya chidindo, yapepo, n'kumaumirira kuti ikauma imada. Ada anamupatsa mpando, anamupatsa tiyi, n'kumuphunzitsa za inki kwa ola lathunthu minibasi ili pamsewu ndi anthu m'katimo. Ulendo wachiwiri sanalakwitsenso, ndipo botololo anangolisiya pakhonde n'kuthawa. Botolo lachiwiri linachokera ku Joni kwa achimwene anga aakulu, litakulungidwa m'masokosi atatu. Botolo lachitatu anabwera nalo Asambizi.

Asambizi ndi momwe timatchulira aphunzitsi kuno. Awa anali mphunzitsi wopuma wa kufupi ndi ku Mwaya, Mkatolika, mnzawo wa Ada kuyambira ali anyamata. Ubwenzi wawo wonse unali wokangana. Ada akati kuzizira, Asambizi amavula jekete. Botolo lawo linalibe chizindikiro chilichonse, ndipo anati anawapatsa wansembe wina kalekale. Anafika nalo atalinyamula ndi manja awiri, n'kulikhazika patebulo pathu monyadira.

Mayeso anayamba Loweruka m'mawa. Ada anadula timapepala kuseri kwa kalendala yakale, ndipo pa kalikonse analemba mawu amodzimodzi, Nkhata Bay, ati chifukwa muli zilembo zokwera ndi zotsika. Akatha inki imodzi ankatsuka peni m'makapu a alendo a mayi anga, aja amaluwa amene ife ana sitinamwerepo. Kenaka anatiitana tonse pakhonde kuti tiweruze: ine, Asambizi ndi Ama, mayi angawo. Ama anasuzumira kamodzi, manja ali ndi mamba a usipa, n'kunena kuti zonse ndi zakuda. Ada anawathokoza n'kuwauza kuti akhoza kubwerera kukhitchini.

Malinga ndi Ada, ya ku Mzuzu inali yakuda mwamanyazi, ukaiika padzuwa imaulula kabuluu. Ya ku Joni inali yakuda ndithu koma yonyezimira, yodzimva, ngati anyamata obwera pa Khirisimasi ndi nsapato zosongoka. Ya Asambizi anati ikufiirira m'mbali ngati tiyi wogona. Asambizi anati kumeneko si kufiira, ndi kukhwima, ndipo munthu amene anakhala zaka zonse akudinda makalata sangazidziwe. Ada anati banja la Chipresibateriya silingalembedwe ndi inki ya Chikatolika isanayesedwe bwinobwino. Asambizi anati inkiyo sinabatizidwe kulikonse. Anakangana mpaka nthawi ya nkhomaliro, ndipo Asambizi anadya konkuno.

Ine ndinaseka tsiku limenelo, sindikana. Ndinkaganiza kuti pofika Loweruka linalo nkhani idzakhala itatha.

Panabwera mayeso a dzuwa. Ada anakwera pamakwerero, munthu wa zaka zake, n'kuyala timapepala titatu padenga la malata atatitsendereza ndi timiyala, kuti aone inki imene ichite kutumbuluka. Anati timapepalato tikhale pamenepo masabata awiri. Tsiku lachisanu mphepo ya mwera inawomba. Kamodzi tinakapeza m'ngalande, kena kanakatera pathandala la usipa la aneba athu, ndipo kachitatu sikanaonekenso. Asambizi anati kosowako ndi ka inki yawo, ndipo kusowa kwake ndi umboni woti wina anakaona kukongola n'kukaba. Ada anati mayeso aonongeka, tiyambirenso, ndipo ulendo uno anatsendereza ndi njerwa.

Panabwera mayeso a madzi, poti kuno mvula ikafuna imalowa ndi m'bokosi momwe. Madzi a pampopi Ada anawakana, ati ndi aulemu kwambiri. Anafuna madzi aukali, ndiye anaponya timapepala tawo mu ndowa imene Ama amaviikamo chinangwa, osawauza eni ake. Patapita masiku atatu Ama akuvuula chinangwa anapeza china chitamatidwa kapepala kolembedwa Nkhata Bay. Anachinyamula chomwecho, chikudontha, kukachiika pambale ya Ada patebulo. Sanalankhule nawo masiku awiri, ndipo zofunika zonse ankawauza kudzera mwa ine, ngakhale tonse titakhala m'chipinda chimodzi.

Mayeso a mphemvu ndiwo anandithera mphamvu. Ada anati inki yabwino tizilombo sitiidya, ndiye anaika timapepala titatu mu dirowa ya kabati yakukhitchini, kumene mphemvu zathu zimachitira misonkhano. Patatha sabata zinali zitadya ka ku Mzuzu pafupifupi konse, zitalawa ka ku Joni pakona, koma ka Asambizi zosakakhudza. Asambizi anafika pokondwa mpaka kuvula chipewa, ati ngakhale mphemvu zikudziwa chinthu chaulemu. Ada anati ayi, tanthauzo lake ndi loti ngakhale mphemvu zaikana. Apa panabuka funso loti mphemvu ikakana chinthu ndiye kuti chinthucho ndi chabwino kapena choipa, ndipo amuna awiri ophunzira, ovala mataye, analikambirana Loweruka lathunthu.

Nthawi yonseyi mwana wanga ankakula. Anayamba kukhala pansi, anamera mano awiri, anayamba kukwawa kulondola mabotolo omwewo. Ada ankamukonda, zimenezo sindingawanamizire. Ankamunyamula, ankamuimbira nyimbo za m'tchalitchi ndi mawu awo okhuthala, ankamupatsa nthochi mobisa. Koma kuseka kwanga kunali kutatha. Ndinali nditapeza ntchito pa loji ina ku Chikale komweko, yolandira alendo. Tsiku lonse ndinkalemba mayina a azungu m'kaundula ndi bolopeni yotafunidwa kumutu, anthu ogona masiku awiri n'kupita, pamene mwana wanga wobadwa ndi magazi a pakhomo sanalembedwe. Azakhali ena atabwera kudzacheza anamugwira tsaya n'kufunsa kuti mlendo wathuyu akukula bwanji. Ananena moseka, koma ine ndinakalirira kubafa. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti Ada akuchita nane manyazi, ndipo inki ndi pobisalira chabe.

M'mwezi wachinayi Ada anabwera ndi nzeru yatsopano. Anati poti inki iliyonse ili ndi ubwino wake, azisakaniza zitatuzo kuti patuluke imodzi yangwiro. Anathira pang'onopang'ono m'kapu, anatakasa ndi kamtengo ka machesi, anamwetsa peni. Tsiku loyamba inalemba bwino moti Ada anayenda m'nyumba monse akuimba mluzu. Kutacha, m'kapumo munali zibuluma, ndipo peni inali itatsekeka. Anaigwedeza, anaipemerera, anaiviika m'madzi ofunda, koma inangokanda pepala osatulutsa kanthu. Nkhope ya Ada tsiku limenelo inandimvetsa chisoni ngakhale ndinali wokwiya, chifukwa peniyo inali ya atate awo.

Asambizi anaiyang'ana n'kunena kuti mankhwala ake ndi kachasu, wa mutu weniweni, peni igonemo usiku umodzi. Vuto linali wokagula. Ada ndi mkulu wa mpingo, sakanaonekera kumeneko. Asambizi anati iwo kumeneko amadziwika kale, ndipo akazi awo anawalumbiritsa kuti asadzapondekonso. Ine ndinakana poyera, ndinati mbiri imene ndili nayo m'tauni muno yakwana. Onse anatembenukira kwa Ama, mayi wa bungwe la amayi kutchalitchi, wosaphonya mapemphero a Lachinayi. Sindidziwa chimene Ada anawalonjeza. Ndinangoona m'mawa mwake Ama atadzifunditsa chitenje mpaka pamphuno, kabotolo ka mankhwala a chifuwa kali m'dengu pansi pa masamba, akulowera njira yakuseri kwa msika.

Anakafika bwinobwino, koma mayi wogulitsayo anawazindikira ndi mayendedwe. Anawalonjera mokweza ndi ulemu wonse, anawayalira mpando, n'kufunsa pamaso pa makasitomala ngati abambo kunyumba amakonda waukali kapena wofatsa. Ama pofuna kudziyeretsa anafotokoza kuti si wa abambo, ndi wa peni. Anthu a pamenepo akuti anaseka mpaka wina kugwa pabenchi. Pofika Lamulungu tchalitchi chonse chinali chitamva, ndipo mpaka lero kumsika wa Nkhata Bay munthu akafuna kukamwa mobisa anzake amamufunsa ngati peni yake yatsekeka. Koma kachasuyo anagwira ntchito. Peni inatseguka, kungoti zala za Ada zinanunkha masiku atatu, ndipo popereka moni pakhomo la tchalitchi anthu ankachedwa kuwasiya dzanja.

Peni itachira ndinaganiza kuti basi, tsopano alemba. Ada anati kachasu akhoza kukhala atasintha khalidwe la nsonga, ndiye mayeso onse ayambirenso. Tsiku limenelo ndinapsa mtima kwenikweni. Masana iwo atapita kumaliro, ndinatenga bolopeni ya kuntchito, ndinatsegula bokosi, ndinatambasula bukulo pabedi. Ndinapeza tsamba lake. Mayina a ana a achimwene anali pamenepo m'zilembo zopendekeka za Ada, lililonse ndi dzina la kholo pambali pake, ndipo pansi panali mzere wopanda kanthu. Ndinagwira bolopeniyo pamwamba pa mzerewo mpaka dzanja linatopa. Sindinalembe. Ndinazindikira kuti chimene ndinkafuna si dzina papepala, koma kuti alilembe iwowo. Ndinabwezera zonse m'malo mwake n'kukachapa matewera.

Sabata yotsatira dalaivala wa minibasi uja anabwera ndi uthenga. Akwawo kwa bambo wa mwana, amalume ake ndi azakhali ake, anati abwera Loweruka kuchokera kumapiri. Mwana wawo akadali ku Joni osamveka, koma iwo amva kuti kuli magazi awo kunyanja, ndipo akufuna akambirane zoti mwanayo azidziwika kwawo ndi kutenga dzina la kwawo. Mwa mwambo wake, akanachita zofunika, mwana akanakhala wawo. Masiku atatu amenewo sindinadye bwino. Ndinkangomubereka mwana ngakhale akufuna kukwawa.

Loweruka m'mawa, Ama akukazingira alendo nsomba ya batala, Ada anandiitana pabalaza. Anali atavala taye. Buku linali lotsegula patebulo, peni pambali, mabotolo atatu aja atandandalikidwa. Ndinagwada pafupi ndi chitseko ndi mwana kumsana, ndikuganiza kuti ayambanso za mphemvu. Anakhosomola, anakonza taye yokonzeka kale, n'kuyang'ana pawindo.

"Mama, munthu uja ukumudikirabe?"

"Ayi, Ada."

"Uganize bwino. Ndikalemba umu sizifufutika. Anthu akubwerawa ndiwauza kuti mwana ndi wa muno, ndipo njira yako ya kumeneko ndiye kuti ndaitseka ine."

"Ndinaitseka ndekha tsiku limene ndinatsika minibasi kuchokera ku Mzuzu."

Anatembenuka n'kundiyang'ana kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo. Anafunsa kuti nanga bwanji sindinanene. Ine ndinafunsa kuti nanga iwo bwanji sanafunse. Anati bambo safunsa mwana wake wamkazi zinthu zoterozo, ndi zochititsa manyazi, ndipo ankadikira kuti ndiwauze Ama, Ama awauze iwo. Ndinati Ama sanandifunsepo. Ama anayankha ali kukhitchini kuti iwo ankaganiza kuti nkhani ndi ya inki. Miyezi isanu, anthu atatu m'nyumba imodzi! Ine ndikuti akundikana, iwo akuti asanditsekere banja limene mwina ndikulilirabe.

Ada anakoka botolo limene linali pafupi ndi dzanja lawo, osaliyang'anitsa padzuwa, n'kumwetsa peni. Analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo. Analemba dzina la mwana, n'kutsatiza dzina la mtundu wathu. Atafika pamalo a kholo anaima pang'ono, chifukwa kuyambira pa tsamba loyamba malo amenewo munali mayina a amuna okhaokha. Kenaka analembapo dzina langa, lonse, ndi lapakati lomwe limene sindilikonda. Hutala ya minibasi inalira kumsewu iwo akupemerera tsambalo.

Alendo tinawalandira bwino. Anali anthu aulemu, otopa ndi ulendo, ndipo azakhaliwo atamunyamula mwana maso awo analengeza misozi, moti ndinawamvera chisoni. Atamwa tiyi, amalume aja anayamba mawu awo, aatali, ozungulira, Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa. Ada anamvetsera mpaka kumapeto osawadula. Atatha, Ada anati kudzaona mwana khomo ndi lotsegula tsiku lililonse, ndipo akakula adzadziwa kwawo kwa bambo wake. Kenaka anatembenuza bukulo n'kulikankhira patsogolo pawo. Amalumewo anavala magalasi, anawerenga, n'kugunda dzinalo ndi chala chachikulu ngati sakukhulupirira. Chalacho chinabwerako chakuda. Anafunsa ngati zolembedwazi sizingakonzedwe poti zikuoneka kuti ndi zalero lomwe.

"Ndi zalero, inde," anatero Ada. "Koma ndi mdzukulu wanga, ndipo ndachedwa kale."

Ine ndinali nditaima kuseri kwa katani ya pakhomo lakukhitchini, beseni la madzi osamba m'manja lili m'manja. Ndinalira pamenepo, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina, madzi akutayikira pamapazi. Ama anandilanda besenilo, anandipukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje chawo chonunkha utsi, n'kundibwezera beseni lija. Anati ndilowe ndikawasambitse alendo m'manja nsomba isanazizire, ndipo ndiyambire amalume aja.